Musanalowetse chikwanje, dziwani kaye dzina la chitsacho

Mayi wina wa ku Chilomoni walemba motere: "Ndimakhala kumtunda kwa Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru. Kuseri kwa tchalitchi chathu kuli malo otsetsereka omwe kale kunali mitengo, koma pano kwatsala zitsa, tchire ndi miyala. Ife amayi a mvano tagwirizana kuti chaka chino tidzalepo mitengo, ndipo achinyamata akuti ayambe kusosa kuti malo ayere. Mtima wanga ukukana pang'ono chifukwa pazitsa zina pakutuluka masamba ofiira okongola. Vuto n'lakuti ine ndinakulira m'tauni, mitengo yomwe ndimaidziwa ndi mango, bulugamu, keshya ndi jakaranda basi. Ndingadziwe bwanji kuti uwu ndi mtengo wachilengedwe wa kuno, uwu ndi wobwera? Nanga tiisamale bwanji?"

Zikomo mayi polemba. Mtima wanu sukunama, ndipo ndikupempheni kuti muwauze achinyamatawo ayambe asunga zikwanje zawo kwa masabata awiri kapena atatu. Masamba ofiira amene akutuluka pachitsa nyengo yotentha, mvula isanagwe, kawirikawiri amakhala a mombo, tsamba kapena mchenga, yomwe ndi mitengo yeniyeni ya m'mapiri a Blantyre. Amayamba ofiira, ena ofiirira ngati mkuwa, kenako m'masabata ochepa amasanduka obiriwira. Tsono malo anuwo sanafe ayi. Komanso musadziderere kuti simudziwa mayina. Anthu ambiri obadwira ku Ndirande, ku Zingwangwa kapena ku Bangwe ali ngati inu, chifukwa mitengo yomwe inawalera m'misewu ndi m'masukulu ndi yobwera. Jakaranda anachokera ku South America, bulugamu ku Australia, malaina ndi mango ku Asia, gwafa ndi papaya ku America. Ina inabwera kale kwambiri, nthawi ya amishoni omwe anakhazikika kuno mu 1876 ndi azungu a minda omwe anawatsatira, moti lero timangoiyesa yathu.

Kuti mudziwe chomwe mungapeze pamalo anu, ganizirani kaye mmene dera lathu lakhalira. Mzinda wa Blantyre uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pomwe nyanja yamchere imalekeza, ndipo wazunguliridwa ndi mapiri: Michiru, Ndirande, Soche, Bangwe ndi Mpingwe. M'malo otsetsereka a mapiriwa, momwe dothi ndi lochepa ndi lamiyala, munali nkhalango ya miombo, yosakanikirana ndi misuku, milombwa, muwanga, thombozi ndi msolo. M'makhwawa ndi m'mbali mwa mitsinje monga Mudi, Likhubula, Naperi ndi Nasolo munali mitengo yokonda madzi: mbawa, nyowe, mwimbi, mkuyu. Pansonga pa mapiri ena monga Soche, pomwe chiperoni chimakhalitsa, panali nkhalango yowirira yosayoyola masamba chaka chonse. Mukatsika kulowera ku Chileka, Lunzu ndi Lirangwe, komwe kukutentha, mumayamba kukumana ndi milambe, bwemba, mthethe ndi misangu. Choncho funso loyamba podziwa mtengo ndi ili: wamera pati? Pamalo otsetsereka ngati anuwo, yembekezerani banja la miombo. Ngati pali kakhwawa kodutsa madzi nthawi ya dzinja, m'menemo yang'anani mitengo ya kumadzi.

Mfundo yomwe ndikufuna muigwiritsitse ndi ya zitsa. Mtengo wa miombo ukadulidwa, gawo lake lalikulu limatsala pansi. Mizu yake inatenga zaka makumi ikuboola miyala kufunafuna chinyontho, ndipo ikadali yamoyo. Mphukira yotuluka pachitsa chotere imayamwa kuchokera ku mizu ya mtengo waukulu, n'chifukwa chake imakula msanga, siifuna kuthirira, ndipo ng'amba ya mu Januwale siiopa. Mbande ya m'chubu ndi mwana wakhanda: mizu yake ndi yaifupi ngati chala, chiswe chikuifuna, mbuzi ikuifuna, dzuwa la mu Okutobala likuidikira. Ndili wamng'ono pantchito ya za nkhalangoyi tinasosapo phiri lina kuti tidzale mitengo m'mizere yooneka bwino. Tinagwetsa mphukira zonse poziyesa tchire. Mbande zinatithera tisanamalize, ndiye mbali ina tinangoisiya, koma poti inali mkati mwa mpanda womwewo, moto ndi mbuzi sizinafikeko. Patapita zaka zingapo mbali yomwe tinaisiya ija ndi yomwe inali ndi mthunzi, pomwe kumene tinakhetsa thukuta kunali mitengo ya apo ndi apo. Zimandiwawabe ndikakumbukira mphukira tinadula zija. Kuyambira pamenepo sindilola chikwanje kulowa pamalo ndisanayendepo ndi maso.

Nanga poyendapo muziyang'ana chiyani? Yambani ndi tsamba. Onani ngati ndi tsamba limodzi lathunthu ngati la mango, kapena ndi lokhala ndi timasamba tambiri mbali ndi mbali ngati nthenga ya nkhuku. Onani ngati masamba akutuluka awiriawiri moyang'anizana kapena mosinthana. Thyolani limodzi muone chomwe chikutuluka pothyokapo: utomoni woyera ngati mkaka, wofiira, kapena madzi chabe. Lifikiseni m'manja mulinunkhize. Kenako yang'anani khungwa la chitsacho, ndi pansi pomwe, chifukwa makoko akale ndi njere zimatha kukhalapo nthawi yaitali. Maluwa ndi zipatso ndiye mboni yosanama, koma mphukira zazing'ono sizikhala nazo, ndiye muzolowere kuwerenga tsamba ndi khungwa. Chenjezo limodzi: masamba a mphukira amakhala aakulu kuposa a mtengo wokhwima wa mtundu womwewo, ndipo zimenezi zimasokoneza ngakhale ife amene takalambira m'nkhalango.

Ndikupatseni zizindikiro za ina yomwe ndikuganiza kuti muipeza. Mombo uli ndi masamba aatali olendewera, a timasamba tating'ono tambiri, ndipo mukang'amba kanthambi kake khungwa limasupuka ngati chingwe. Limenelo ndiye luzi lomwe makolo ankamangira madenga ndi nkhokwe. Mchenga uli ndi timasamba tochepa, ndipo ukakula makoko ake abulauni amaima pamwamba penipeni pa mtengo, n'kumaphulika "thwa!" dzuwa likatentha. Msuku sungakusocheretseni: masamba ake ndi aakulu, okhuthala, olimba ngati chikopa, ounjikana kumapeto kwa nthambi, ndipo akauma amalira kwambiri mukawaponda. Mlombwa mukaucheka pang'ono umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, ndipo chipatso chake ndi chozungulira, chokhala ndi phiko lopyapyala m'mbali ndi minga zofewa pakati. Thombozi amatuluka mkaka woyera, khungwa lake ndi long'ambikang'ambika ngati msana wa ng'ona. Chitimbe tsamba lake ndi logawikana pawiri ngati phazi la ng'ombe. Muwale uli ndi khungwa lokhuthala laminga, timasamba titatu, ndipo umachita maluwa ofiira kwambiri ulibe tsamba ndi limodzi lomwe. Naphini masamba ake amanyezimira motuwa ngati siliva. Mpoza wa kutchire ndi kachitsamba ka masamba ozungulira onunkhira mukawafikisa, ndipo chipatso chake chikapsa chimakhala chachikasu. Muwanga mudzauzindikira ndi khungwa losalala lotuwa lomwe limasupuka zigambazigamba; ndi mtengo wolimba woti chiswe chimaulephera, ndipo n'chifukwa chake unatha msanga.

Pali mitengo iwiri yomwe anthu a m'tauni muno amaisokoneza kawirikawiri. Woyamba ndi mbawa ndi sindirela. Yonse ili ndi masamba ngati nthenga ndi matabwa ofiira, koma sindirela ndi wobwera kuchokera ku Asia ndipo amadzimerera yekha paliponse m'makhwawa a mumzinda. Timasamba ta sindirela ndi tambiri, tatitali, tosongoka. Zipatso zake ndi zazing'ono, zolendewera m'magulu. Mbawa ili ndi timasamba tochepa, tokulirapo, tonyezimira, ndipo chipatso chake ndi chibulungwa cholimba ngati thabwa chomwe chimang'ambika n'kutulutsa njere zopyapyala zouluka ndi mphepo. Ena kuno kumwera amaitchula muwawa, ndipo ine ndikamva dzina la Namiwawa khutu langa limamvamo mtengo umenewu, monga momwe dzina la Kachere ku Limbe limatikumbutsira kachere. Wachiwiri ndi nyowe, yomwe ena amati katope, ndi jambula. Zipatso zonse ndi zakuda zodetsa lilime, koma jambula anachokera ku India ndipo masamba ake ali ndi kaphesi kooneka, pomwe masamba a nyowe amakhala ngati akukumbatira nthambi, opanda kaphesi.

Komabe musadalire kalata yangayi yokha. Mtengo umadziwika bwino wina atakulozera uli chiimire. Mumpingo mwanumo muli agogo omwe anakulira kumudzi kwa Kuntaja, kwa Kapeni, ku Chiradzulu kapena ku Thyolo. Muli akalipentala, muli amayi omwe anatola nkhuni moyo wawo wonse, ndipo pafupi nanu sipangalephere kukhala sing'anga kapena mzamba. Atengeni awiri kapena atatu tsiku Loweruka m'mawa muyende nawo pamalopo, kope ndi cholembera zili m'manja mwa mwana wasukulu. Musangolemba dzina, lembaninso zomwe akunena: uwu ndi wa mipini, uwu nkhuni zake zimachita utsi, uwu sauikapo pamoto, uwu mbalame zimaukonda. Musadabwe akamatsutsana. Blantyre ndi mzinda wa Amang'anja, Ayao, Alhomwe, Angoni ndi ena ambiri, choncho mtengo umodzi umatha kukhala ndi mayina atatu, ndipo dzina limodzi limatha kutchulidwa pa mitengo iwiri yosiyana. Dzina loti mpoza, mwachitsanzo, amaitanira wa kutchire uja komanso wodzala pakhomo womwe ndi wobwera. Lembani mayina onse, osataya ndi limodzi lomwe. Kwa ine mayinawa ndi chuma chofanana ndi mitengo yomweyo, chifukwa agogo akamapita amapita nawo.

Ukakhalapo mtengo womwe aliyense walephera, dulani kanthambi kotalika ngati chikhatho ndi theka, kokhala ndi masamba angapo, ndi duwa kapena chipatso ngati chilipo. Kayaleni bwino pakati pa nyuzipepala zakale, muikepo makatoni, pamwamba mutsindike ndi njerwa kapena mabuku. Sinthani nyuzipepalazo tsiku lililonse kufikira kataumiratu. Lembani tsiku, malo, kutalika kwa mtengo, mtundu wa duwa ndi wa utomoni, chifukwa zimenezi zimasowa kanthambi kakauma. Mukatero mutha kupita nako ku ofesi ya za nkhalango ya boma la Blantyre, kapena ku Zomba ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, komwe amasunga zitsanzo zouma za zomera za m'dziko muno ndipo akatswiri ake amatha kufananiza. Achinyamata anuwo ali ndi mafoni, apatseni ntchito yojambula: tsamba kumaso ndi kumsana, khungwa, mtengo wonse. Pa intaneti pali iNaturalist, komwe munthu amaika chithunzi anthu odziwa n'kumuthandiza dzina. Mapulogalamu ena ongoloza ndi kamera n'kukuuzani dzina pompopompo amalakwitsa kwambiri pa mitengo ya kuno, ndiye zomwe anena muzizitenga ngati mphekesera yofunika kuitsimikiza. Ndipo poti muli m'munsi mwa Michiru, konzani ulendo wokayenda m'malo otetezedwa a m'phirimo ndi munthu wodziwa njira. Nkhalango imeneyo nayo yapwetekeka ndi nkhwangwa, koma mukaona mombo kapena msuku waukulu kamodzi, mphukira zake simudzaziiwalanso.

Mukadziwa chomwe chilipo, ntchito yake ndi yopepuka kuposa yodzala. Chitsa chilichonse chamoyo chimangireni kansalu kapena muchizungulize ndi miyala kuti wosadziwa asachidule. Pachitsa chimodzi pamatuluka mphukira zambiri, mwina khumi, zonse zikulimbirana chakudya. Zisiyeni chaka choyamba, kenako sankhani ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zowongoka, zotuluka pafupi ndi nthaka, zinazo muzidule ndi chikwanje chakuthwa mopendeketsa kuti madzi asamakhale pabala. Zodulazo ndi nkhuni kale, ndipo zimathandiza kuti anthu aone phindu msanga. Chaka ndi chaka muzisadza nthambi zam'munsi zochepa, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, kuti uzikwera m'mwamba. Yang'ananinso pansi pakati pa udzu: mudzapeza timitengo tating'ono tooneka ngati tachaka chino, koma pansi tili ndi muzu wonenepa ngati chinangwa. Milombwa ndi miombo imachita zimenezi, kumauma kumtunda chaka chilichonse uku ikumanga muzu, mpaka tsiku lomwe idzanyamuke. Titetezeni timeneti.

Adani enieni ndi awiri, moto ndi mbuzi. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwa, ndi umene umabweza nkhalango kumbuyo chaka chilichonse, ndipo nthawi zambiri amayatsa ndi ana osaka mbewa kapena munthu wotentha zinyalala. Mu Meyi kapena Juni lambulani njira ya mamita atatu kapena anayi kuzungulira malo onse, ndipo udzu wautali wa mkati muumwete ukhale wofolera kapena wophimbira m'dimba. M'nkhalango zikuluzikulu timagwiritsa ntchito moto wozizira wa kumayambiriro kwa chilimwe, koma pamalo oyandikana ndi nyumba ngati anuwo sindikulangizani kuyatsa moto uliwonse. Za mbuzi, mpanda wa minga umathandiza, koma chothandiza kwambiri ndi kukhala pansi ndi eni mbuziwo ndi amfumu a m'deralo musanayambe.

Chikwanje chili ndi ntchito yake ndithu. Lantana, chitsamba chija cha timinga ndi timaluwa tosakaniza pinki ndi chikasu, n'chobwera ndipo chimaphimba chilichonse. Chizuleni ndi mizu yomwe chisanabereke. Deliya, wa maluwa aakulu achikasu uja wodzaza m'mbali mwa misewu, mumudule asanachite njere, masamba ake ndi manyowa abwino. Tiana ta sindirela, keshya ndi gwafa tomera pakati pa mphukira tichotseni. Koma pamalo otsetsereka musazule zonse tsiku limodzi n'kusiya dothi lili pambalambanda mvula ili pafupi. Chotsani pang'onopang'ono, poyambira pomwe pali mphukira zofuna kuwala.

Tsopano za kudzala, poti amayi anzanu akonzekera kale ndipo sindikufuna kuwagwetsa mphwayi. Dzalani m'mipata momwe mulibe chitsa chamoyo, ndipo mudzale mtengo woyenera malowo. Mbawa, nyowe ndi mwimbi zipite kukhwawa kapena kumunsi komwe dothi ndi lakuya. Mbawa pamwala pouma imangovutika. Mthethe umakula msanga ndipo umakonza nthaka, ndi wabwino poyambira. Njere zake ndi zolimba, choncho zichekeni pang'ono kumbali ndi chowengera zikhadabo, kapena muziviike m'madzi otentha omwe mwawaphula pamoto, zigone usiku. Njere za mbawa zimafuna kufesa zikadali zatsopano, sizichedwa kufa. Za masuku ndiye sizidikira n'komwe: mukadya masuku mu Novembala kapena Disembala, tsukani njerezo mufese sabata yomweyo, zisaume. M'machubumo sakanizanimo dothi lochepa lotapa pansi pa msuku waukulu, chifukwa mizu ya msuku imakhalira limodzi ndi tizamoyo ta mtundu wa bowa tomwe timaithandiza kuyamwa chakudya, ndipo popanda timeneti mbande imangofiira n'kufa. Dziwaninso kuti msuku ulipo waumuna ndi waukazi, wobereka ndi waukazi yekha, ndiye dzalani ingapo, ndipo musadzadule wosabereka poganiza kuti ndi wachabe.

Ina simusowa n'kufesa komwe. Muwale, kachere, mkuyu ngakhale mlombwa zimaphuka mukazika nthambi yaikulu, yonenepa ngati mkono ndi yotalika mita imodzi kapena kuposerapo, chakumapeto kwa chilimwe masamba asanatuluke. Mlombwa umakanika nthawi zina, koma muwale ndi kachere sizivuta. Kachere ndi mkuyu muziike kutali ndi tchalitchi, zimbudzi ndi mapaipi, mizu yake imang'amba maziko. Mkuyu ndimaukonda chifukwa umaitana mbalame ndi mileme, ndipo zimenezi zimabwera ndi njere za mitengo ina kuchokera m'phiri n'kukudzalirani kwaulere. Paja timati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Tizilombo tina timene mumatipeza m'nkhuyumo ndi timene timathandiza mkuyu kubereka njere, popanda ito mkuyu sungaberekane. Njere ndi mbande za mitengo yachilengedwe mungafunse ku ofesi ya za nkhalango, ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, kapena kwa a bungwe loona za chilengedwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM) omwe amagwira ntchito ndi magulu a ana asukulu. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma inu musadikire Malichi. Wokerani mvula ikangokhazikika, mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, kuti mizu igwire mvula isanathe. Ndipo mbande 50 zomwe muzipalira ndi kuziteteza zaka zitatu zikuposa 1,000 zodzala tsiku limodzi n'kujambulitsa.

Mwafunsa za mitengo, koma zomera zachilengedwe sizithera pamitengo. Udzu wa tsekera, nsungwi zathu, timaluwa totuluka mvula yoyamba ikagwa, zoyanga, ndiwo zakutchire monga denje, luni ndi chewe, zonsezi ndi mbali ya phirilo, ndipo udzu ndi umene umagwira dothi mitengo isanakule. N'chifukwa chake mawu oti "malo ayere" amandiopsa. Nkhalango sisesedwa ngati bwalo. Masamba ogwa asiyeni awolere pomwepo. Miombo ndi misuku ikabwerera, patapita zaka bowa monga ndelema ndi manyame amatha kubweranso, chifukwa amamera pamizu ya mitengo imeneyi. Palinso zomera za mankhwala zomwe zikusowa chifukwa cha kukumba mosasiyako, monga gondolosi, amene mizu yake imagulitsidwa m'misika ya mumzinda muno. Ngati asing'anga azidzatenga mankhwala pamalo anu, gwirizanani nawo: muzu atenge mbali imodzi n'kukwirira, khungwa asende kachigamba kakang'ono koimirira. Kusenda mozungulira thunthu lonse ndi kupha mtengo.

Sindikubisirani kuti chovuta kwambiri si mbewu kapena dothi, ndi njala ya nkhuni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo makomo ambiri amaphikira makala ndi nkhuni. Amene akudula mitengo m'phiri kawirikawiri ndi munthu amene akusaka chakudya cha ana ake. Tinaona mmene phiri la Ndirande linayerera m'zaka za m'ma 1990, ndipo chinachitika kumeneko chingachitikenso paliponse pomwe anthu oyandikana ndi nkhalango saona kuti ndi yawo. Choncho oyandikana ndi malo anuwo alowetseni m'gulu kuyambira tsiku loyamba. Gwirizanani poyera kuti nkhuni zosadza azigawana ndani, udzu azimweta liti, masuku azitola bwanji, ndipo zilembedwe pamaso pa amfumu ndi akulu a mpingo. Mitengo yobwera sindikuida. Kachigawo kena kumunsi mutha kudzalako keshya kapena gilisidiya wa nkhuni kuti nkhwangwa isalowe kumphukira, ndipo mango ndi mapeyala pakhomo ndi chakudya. Bulugamu yekha musamuike m'khwawa kapena pafupi ndi kasupe, amamwa madzi kwambiri ndipo pansi pake sipamera zambiri. Kulimbikitsa amayi kugwiritsa ntchito chitetezo mbaula nakonso ndi kusamala phiri.

Pali zinthu zina zomwe musachite panokha. Musalawe chipatso, muzu, khungwa kapena bowa chifukwa choti chithunzi cha pafoni chafanana nacho. M'tchire mwathu muli zakupha, monga mwabvi, ndipo bowa wapoizoni amafanana kwambiri ndi wodyedwa. Wina akadya chosadziwika n'kuyamba kusanza, kutsekula m'mimba kapena chizungulire, thamangirani naye kuchipatala mutanyamula chomwe wadyacho, osadikira kuti muone mawa. Mkaka wa nkhadze ukalowa m'maso tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali ndipo mupite kuchipatala. Ana ojambula ndi kuthyola masamba aja muwachenjeze zimenezi, komanso za njoka m'miyala. Chachiwiri, tsimikizani malire. Poti muli pafupi ndi nkhalango yotetezedwa, itanani mlangizi wa za nkhalango adzaone ngati malowo ndi a mpingo ndithu, ndipo ngati mbali ina ili ya boma akuuzeni njira yogwirira ntchito limodzi. Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe analikhwimitsa mu 2020, sililola kudula kapena kuotcha makala m'malo otetezedwa popanda chilolezo, ndipo ngakhale kukatola njere kumeneko n'kofunika kupempha.

Chachitatu ndi chomwe chimandisowetsa tulo. Tonse tikukumbukira Malichi 2023, pomwe namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Mitengo imagwira dothi ndipo imachepetsa liwiro la madzi, koma sindingakunamizeni kuti mphukira za zaka ziwiri zingaimitse napolo. Poyenda pamalo anuwo, mukaona ming'alu yaitali m'nthaka yopingasa phiri, miyala ikuluikulu yomwe pansi pake pakokoloka, madzi akutumphuka pomwe kale sankatuluka, kapena chigwembe chomwe chikukula chaka ndi chaka kulunjika kunyumba za anthu, imeneyo si ntchito ya amayi a mvano okha. Kauzeni a khonsolo ya mzinda ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'dera lanu mvula isanayambe. Timigula tating'ono mutha kutitchinga nokha ndi mizere ya miyala yopingasa ndi udzu wa vetiva, womwe ndi wobwera koma sufalikira.

Loweruka likubwerali yambani ndi ulendo wa agogo uja. Werengani zitsa zamoyo, muzimange nsalu, mulembe mayina omwe mwapeza. Zomwe zakukanikani muzijambule tsamba kumaso ndi kumsana pamodzi ndi khungwa, munditumizire, ndipo mundiuzenso ngati pamalopo pali khwawa, kuti tidzaone limodzi mbande zoyenera kuitanitsa Disembala asanafike.